Kusintha Glock 23 kuti iziombera 9mm: kodi ndi yoyenda nayo m'chiuno?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina yemwe akukhala ku Indiana, m'dziko la America. Akuti ali ndi green card, chiphaso chokhalira ku America mokhazikika, ndipo anagula motchipa mfuti ya m'manja ya Glock 23 yomwe kale inali ya apolisi. Vuto lake ndi lakuti zipolopolo zake za .40 S&W zikumudyera ndalama, komanso mfutiyo imamukankha kwambiri m'manja. Wamva kuti akhoza kugula mpope wina wa mfutiyo kuti iziombera zipolopolo zocheperako za 9mm, ndiye akufunsa ngati angamayende nayo tsiku ndi tsiku ikasinthidwa choncho.

Achimwene, mpopewo gulani ngati mukuufunira kokaphunzirira kuombera. Koma mfuti yoti muziidalira pa moyo wanu, ine sindingakulangizeni kuti ikhale yosintha mpope wokha.

Mwina mudziwe kaye chifukwa chake munaipeza motchipa. Mu 1986 ku Miami kunachitika nkhondo ya mfuti imene inapha apolisi awiri a FBI, bungwe lofufuza milandu la boma la America, ndipo akuluakulu anaona ngati 9mm ndi yofooka. Kuchokera pamenepo kunabadwa .40 S&W mu 1990, apolisi ambiri a ku America n'kuikonda. Zipolopolo za 9mm zitayamba kupangidwa bwino, FBI inabwereranso komweko, ndipo mu 2016 inasankha ma Glock a 9mm. Nthambi zambiri za apolisi zinatsatira, n'chifukwa chake ma Glock 22 ndi 23 akale adzaza m'masitolo. Choncho maganizo anu ofuna 9mm si olakwika ayi.

Kusinthako n'kotheka ndithu. Makampani ngati Lone Wolf amapanga mpope womwe kunja kwake ndi wonenepa ngati wa .40 kuti ukhale bwino mu slide yanu, chitsulo chapamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo mukaombera, koma bowo lake ndi la 9mm. Mudzafunikanso magazini a Glock 19. Osayesa kuikamo mpope wamba wa Glock 19, chifukwa ndi wowonda kunja ndipo umagwedera.

Tsopano chotsani magazini, onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, muchotse slide n'kuitembenuza. Yang'anani pamalo pomwe thako la chipolopolo limatsamira. Malo amenewo anasemedwa motengera chigoba cha .40, chomwe thako lake ndi lalikulupo ndi pafupifupi milimita imodzi kuposa la 9mm. Pambali pake muona kadzino kachitsulo, extractor, komwe kamakola chigoba n'kuchikokera kunja mukaombera. Chigoba cha 9mm chikakhala pamenepo chimatsala ndi mpata, ndipo kadzinoko kamangochigwira cham'mphepete. Nthawi zambiri chimatuluka bwinobwino, ndiye anthu amati palibe vuto. Koma mfuti ikada, kapena mukaigwira mofooka ndi dzanja limodzi, chigoba chikhoza kupanikizika pakhomo la slide, mfuti n'kuima. Kokaphunzirira zimenezi n'zongokwiyitsa basi. Tsiku loti munthu wakulowerani m'nyumba, masekondi amenewo mulibe.

China chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusokoneza zipolopolo. Pa slide padzakhalabe polembedwa .40 pomwe mkati muli mpope wa 9mm. Ndipo tsiku lomwe mwabwezeramo mpope wakale, chipolopolo cha 9mm chimalowa mu mpope wa .40 popanda kukana, chikhoza kulira ndithu, chigoba n'kufufuma kapena kung'ambika. Ngati muli ndi mipope iwiri, magazini a 9mm muwaike chizindikiro cha penti, ndipo patebulo pazikhala mtundu umodzi wokha wa zipolopolo.

Ena akuuzani kuti muisinthe iziombera mtundu wina wa zipolopolo, .357 SIG. N'zoona kuti imeneyo imakhala bwino chifukwa thako lake ndi lofanana ndi la .40, koma ndi yodula komanso yaphokoso kuposa yomwe mukuithawayo.

Ndiye mutani? Njira yoyera ndi kupita kusitolo, kusiya Glock 23 n'kuwonjezerapo ndalama kuti mutenge Glock 19. Kukula kwake n'kumodzi, imatenga zipolopolo 15 m'malo mwa 13, ndipo nthawi zambiri holster yomweyo, kachikwama koikamo mfuti m'chiuno, imakwana. Mukawerengera mtengo wa mpope, magazini atatu ndi zipolopolo zoyesera, mupeza kuti kusiyana kwake si kwakukulu. Ngati mfutiyo mwaikonda kwambiri, gulani slide yathunthu ya 9mm ya m'badwo wofanana ndi wanu, ndipo katswiri wokonza mfuti asinthenso ejector, kachitsulo komwe kamakankhira chigoba kunja. Mulimonsemo, musanaiike m'chiuno muomberepo zipolopolo mazana angapo, kuphatikizapo mtundu weniweni womwe muziyenda nawo, m'magazini omwe muzigwiritsa ntchito.

Za malamulo ndinenepo pang'ono chifukwa owerenga muno ali m'mayiko osiyanasiyana. Ku Indiana, kuyambira pa 1 July 2022, munthu woloredwa kukhala ndi mfuti safunikanso chiphaso choyendera nayo, koma mukadutsa malire kulowa Illinois nkhani ndi ina. Amene ali ku America pa visa ya sukulu kapena yongocheza, lamulo la boma lalikulu limawaletsa kukhala ndi mfuti kupatula pa zifukwa zochepa. Abale a ku Joni musatengere za ku America: pansi pa Firearms Control Act ya 2000, mfuti yomwe yasinthidwa kukula kwa chipolopolo popanda chilolezo cholembedwa cha Registrar, mkulu woyang'anira kalembera wa mfuti, imasanduka yoletsedwa, ngakhale laisensi yake muli nayo m'thumba.