Malipiro ndi a tonse, nanga mthiko ndi wa ndani?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Amagwira ntchito m'sitolo, malipiro onse amapereka kwa bambo a kunyumba, koma akaweruka mapoto ndi zochapa zimakhala zikumudikira. Akufunsa ngati akulakwa kudandaula.

Simukulakwa, achemwali. Ine ndinakula ndikuziona zimenezi. Mayi anga ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, masamba akamaphukira kwambiri, ankanyamuka kusanache, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuopa mame. Malipiro ankatengera makilogalamu a pasikelo. Akabwerako zala zitada, zikhatho zili ming'alu yokhayokha, ankayamba wa kumjigo, kenako nkhuni, kenako nsima. Bambo anga sanali ankhanza ayi. Koma tsiku lolandira, ndalama zinkalowa m'thumba mwawo, mayi n'kumachita kupempha ya sopo, ndalama yoti aikhetsera thukuta okha.

Chimandiwawa n'choti kuno n'kwachikamwini. Mudzi ngwa mkazi, munda ngwa mkazi, koma nandolo akagulitsidwa, wowerenga ndalama ndi bambo. Amene amati mkazi akangoyamba ntchito zonse zimalongosoka, abwere adzaone. Ntchito yolipidwa imangosanjikizana ndi yapakhomo. Kumeneko n'kudyerana masuku pamutu, ndipo sindibweza mawu.

Ifenso amayi tili ndi mlandu. Mwamuna akangogwira mthiko kapena kubereka mwana kupita naye kusikelo, ndife timayamba kunong'onezana kuti adamudyetsa khuzumule. Mawa lake angayerekezenso? Alangizi nawo amangolimbikira zoti mkazi azipirira.

N'chifukwa chake banki m'khonde ndimaikonda. Tsiku logawana, mayi amaona ndalama yake ndi maso ake, n'kugula malata kapena kulipira fizi mosagwadira munthu. Lamulo la maukwati la 2015 nalonso limati pogawa katundu banja likatha, khoti liziwerengera ntchito zapakhomo ngati gawo lomwe munthu adasonkha. Tidikirenji kuti banja lithe ndiye kuphika kuoneke kuti ndi ntchito?

Nanga muchite chiyani?

Malipiro azifikira pa Mpamba kapena Airtel Money ya dzina lanu. Khalani pansi ndi bambowo tsiku lopanda mkangano, aliyense atchule zomwe amapeza, mugwirizane zosonkha pa chakudya, lendi ndi fizi. Ntchito muwapatse yodziwika, monga madzi ndi kusambitsa ana m'mawa. Akakana kumva, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri.