Kufinya ndi kumata: mawu a kachida ka sikani

Funso: Ndimakonza makina a m'zipatala muno mu Lusaka. Pophunzitsa anyamata za kachida ka sikani, kaja amayendetsa pamimba pa amayi oyembekezera, ndimasowa mawu a piezoelectric ndi composite. Ndizinena kuti chiyani m'Chinyanja? Ndine bambo wa ku Matero.

Yankho: Zikomo bambo. Dzina lakuti piezoelectric lisiyeni momwemo, poti anyamatawo akalipeza m'mabuku. Chinyanja chigwire ntchito pa mneni. Dzinali linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kupsinja, ndipo Pierre ndi Jacques Curie ndiwo anatulukira mu 1880 kuti miyala ina ukaipsinja imatulutsa mphamvu ya magetsi. Ine ndimakonda "kufinya" kuposa "kukanikiza", chifukwa aliyense amadziwa kuti pofinya pamatuluka kanthu, monga madzi a ndimu. Muziti: ukachifinya chimatulutsa magetsi, ukachipatsa magetsi chimanjenjemera. Kunjenjemerako n'kumene kumatumiza m'thupi mawu amene khutu silimva, oposa maulendo 20,000 pa sekondi.

Pa composite ndiye pamene ndikufuna tisamale. Ambiri amathamangira "chosakaniza", koma liwuli limasocheretsa. Timasakaniza ufa ndi madzi, ndipo zikasakanikirana sungalozenso kuti ufa ndi uwu. M'kachidaka sizitero. Amatenga PZT, choumba (ceramic) chokhala ndi mtovu, zirconium ndi titanium, chootchedwa pa moto woposa madigiri 1,000. Amachicheka ndi sowo ya dayamondi, mizere yoyenda uku ndi yopingasa, mpaka patatsala timizati ting'onoting'ono toimirira. M'mipatamo amathiramo epoxy, pulasitiki yamadzimadzi, n'kuisiya kuti iume. Kamzati kalikonse kamakhalabe pakepake. Wokulira ku Chipata kapena ku Katete aiona kale ntchito yotere: nsichi zaimikidwa, dothi lamatidwa pakati. Choncho nenani kuti "timizati tomatidwa ndi pulasitiki". N'chifukwa chakenso mtundu umenewu umatchedwa 1-3: kamzati kalikonse kamapitirira njira imodzi yokha, ya m'litali mwake, pamene pulasitikiyo imalumikizana njira zonse zitatu.

Akakufunsani chifukwa chomatira, auzeni kuti choumba pachokha n'cholimba ndi cholemera kwambiri poyerekeza ndi mnofu wa munthu, ndiye mawu ambiri amabwerera asanalowe m'thupi. Pulasitiki imachepetsa kusiyanako.

Liwu la ceramic lokha musaliti "dothi", angaganize za mbiya n'kuyamba kuligwira mosasamala, chonsecho muli mtovu, womwe ndi poizoni. "Choumba" n'chokwanira.