Makiyi a kampani yanu ali ndi ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ya kampani yaikulu yogula mbewu kuno kum'mawa. Abwana awatuma kuti apeze pulogalamu yodula yotetezera zinsinsi za m'makompyuta, ndiye akufunsa kuti agule iti. Amayi, funso lanu ndagona nalo masiku atatu, chifukwa latokosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola.

Zaka zapitazo ndinali kalaliki pa kampani ina ya thonje kuno ku Chipata. Tinkalemba alimi otenga mbewu ndi mankhwala pa ngongole: dzina, nambala ya NRC, nambala ya foni, mudzi, ndi ngongole yake. A ku Katete, a ku Chadiza, a ku Lundazi, onsewo anali m'kompyuta imodzi. Pasiwedi inalinso imodzi ya ofesi yonse, yolembedwa pa kapepala kachikasu kunsi kwa kiyibodi. Kapepalako ndinamata ndine, ndi dzanja langali.

Itakwana nyengo yogula, alimi anayamba kulandira mafoni. Woimbayo ankatchula dzina lonse, mudzi, ngongole mpaka ngwee yake, kenako n'kunena kuti ndalama za thonje zakakamira, mutiuze PIN kuti tikutsegulireni. Ndani akanakayika? Tsiku lina kunabwera agogo aamuna a ku Chadiza pa njinga, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anamasula kafoni kawo m'kapulasitiki ka shuga, n'kundionetsa uthenga wosonyeza kuti ndalama zonse zatuluka. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ngongole yanga anaidziwa bwanji munthuyu, ngati sanamve kwa inu?" Ndinayang'ana pansi. Ndalamazo zinali za fizi ya mdzukulu.

Sitinamugwire wakubayo, ndipo sitikanatha. Mnzathu wina anali atasiya ntchito miyezi iwiri m'mbuyomo, pasiwedi osasinthidwa. Mndandanda womwewo unalinso m'mafulashi atatu, ndiponso pa WhatsApp ya woyang'anira alangizi. Makomo onse anali pululu.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kampani sinataye ngakhale ngwee imodzi. Thonje inagula, ngongole inadula, chaka chinatha bwino. Analira ndi agogo aja. N'chifukwa chake ndimakana ndikamva anthu akuti "data ya kampani". Si ya kampani ayi. Ndi ya anthu amene anakusungitsani, monga momwe munthu amasungitsira thumba la chimanga kwa mnansi wake, ndipo chosungitsidwa sachiika pakhonde.

Musaganize kuti ndi umphawi wathu wokha. Mu 2021 kampani ya Colonial Pipeline ku America inatseka mapaipi a mafuta pafupifupi sabata yathunthu, n'kulipira achiwembu madola 4.4 miliyoni. Analowera pa akaunti yakale imene palibe ankaigwiritsa ntchito, koma inali isanatsekedwe. Ndi nkhani ya ofesi yathu ija ndendende. Mu 2013 masitolo a Target anaberedwa manambala a makadi 40 miliyoni, ndipo akubawo anadzera pa akaunti ya kampani yokonza makina oziziritsa m'nyumba. Ndalama zogulira mapulogalamu anali nazo zambiri anthu amenewa.

Kwathu konkuno, mu Meyi 2022 gulu lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, banki n'kukana kulipira dipo. Ndipo amene muli ndi abale kutsidya kwa Mwami mukukumbuka 2024, pamene ku Malawi anaima kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, boma n'kunena kuti makompyuta awo alowedwa ndi anthu ofuna dipo.

Nkhani ina imene ndimaifotokoza paliponse ndi ya Maersk, kampani ya sitima zapanyanja. Mu 2017 vairasi ya NotPetya inapha makompyuta awo padziko lonse, n'kuwaluzitsa madola pafupifupi 300 miliyoni. Inawapulumutsa ndi seva (kompyuta yaikulu yosungira zinthu za kampani) imodzi ya ku Ghana, imene inali yozima chifukwa magetsi anali atathima. Ife a ku Zambia kuthima kwa magetsi timakudziwa bwino, koma kampani yosunga mayina a anthu masauzande isadalire mwayi wotere. Kope imodzi ya zonse za m'makompyuta izikhala padera, yosalumikizidwa ku chilichonse, mochita kufuna.

Vuto lili pamwamba

Ndinene mosabisa, ngakhale ena akhumudwe. Amene amaphwanya malamulo a chitetezo kwambiri si amesenjala kapena makalaliki. Ndi abwana. Ndiwo amapatsa sekilitale pasiwedi yawo, ndiwo amati nambala yotsimikizira yobwera pa foni ikuwachedwetsa, ndiwo amanyamula laputopu ya ofesi n'kupatsa ana kuti azionerapo mafilimu. Mnyamata wa IT wazaka 25 angawaletse bwanji, pamene mwambo wathu umati wamkulu satsutsidwa pagulu? Ulemu ndimaukonda, ndinakulira momwemo. Koma ulemu umene ukuchititsa kuti agogo a ku Chadiza abedwe sindiuvomereza. Bwana amene akufuna kugula pulogalamu asanasinthe khalidwe lake akufuna lisiti yoti adzaonetse zinthu zikadzavuta, basi.

Lamulo nalonso lilipo tsopano. Data Protection Act ya 2021 imalamula kampani kudziwitsa Data Protection Commissioner, mkulu wa boma woteteza zinsinsi za anthu, pasanathe maola 24 zinsinsi za anthu zikabedwa. M'masiku athu aja tinangokhala chete, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Tsono Amayi, musathamangire kugula. Lolemba mukatenge mndandanda wa antchito kwa olemba ntchito, muufanizire ndi maakaunti a m'makompyuta, onse amene anachoka muwatseke tsiku lomwelo, kuphatikizapo a makontilakitala. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake ndi nambala yotsimikizira ya pa foni, kuyambira abwana. Wa kusikelo asaone malipiro, mlangizi aone alimi a dera lake okha. Makompyuta azilandira maapudeti, kope yapadera ija muziiyesa ngati ikutseguka, ndipo alimi muwauze pa misonkhano kuti kampani sidzawafunsa PIN. Mukatha zimenezi mundilemberenso za pulogalamu, ndipo mudzandiuze kuti maakaunti a anthu ochoka munapeza angati.