K3 miliyoni yapadera: masheya kapena ngongole ya nyumba?

Achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe andilembera imelo. Akuti agawana ndalama za puloti ya malemu bambo awo, iwo yawagwera K3 miliyoni. Ali ndi ngongole ya nyumba ku banki, yatsala pafupifupi K20 miliyoni, chiwongola dzanja chake 28%. Anzawo a kuntchito akuwaseka kuti akapanda kugula masheya ndiye kuti ndi ogona. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire ndiyambe ndafotokoza zanga.

Mu 2021 ine ndi mayi a kunyumba tinatenga ngongole yomalizitsira nyumba yathu ku Machinjiri. Makoma anali atafika kale pa lintala, kunatsala denga, mawindo, pulasitala ndi magetsi. Nthawi imeneyo chiwongola dzanja chimene Reserve Bank imaika chinali pa 12%, ndipo mnyamata wa ku banki, wa tayi yake yofiira, anatiwerengera bwinobwino zoti tizidulidwa pamwezi. Zinkaoneka zotheka. M'mapepalamo munali mzere wonena kuti chiwongola dzanja chizisintha potsatira reference rate, mulingo umene mabanki amayambirapo poika chiwongola dzanja cha ngongole. Tinauwerenga, tinaumva. Ngongole za nyumba kuno kwathu zambiri zimabwera choncho, ukaukana mzerewo ndiye kuti wakana denga.

Kenako zinayamba. May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25%. Reserve Bank nayo inkakweza chiwongola dzanja chake: October 2022 inafika pa 18%, April 2023 pa 22%, July pa 24%. November 2023 kwacha inagwanso ndi 44%, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2024 tinali pa 26%. Akangolengeza pa wailesi, sipankapita masiku ambiri kauthenga kalowa pafoni, kaulemu kwambiri, kotidziwitsa kuti ndalama yodulidwa pamwezi yasintha. Malipiro anga okha ndi amene sankamva wailesi.

Tsiku lina mayi a kunyumba anakatenga sitetimenti ku banki, n'kuiyala patebulo pafupi ndi mbale ya usipa. Ndi cholembera chofiira chimene amachongera makope a ana asukulu, anazunguliza manambala awiri: imene tinapereka mwezi umenewo, ndi imene inachoka pa ngongole yeniyeniyo. Yachiwiriyo inali yochititsa manyazi. "Bambo a Chiko," anatero, "ndiye kuti nyumba ino tikuchita lendi kwa banki." Kuchokera pamenepo kakobiri kalikonse kapadera, kaya ndi ka alawansi, kaya ndi ka nkhuku zimene amaweta kuseri, tinayamba kukaponya komweko. Ngongole ya chiwongola dzanja chotere ndi nankafumbwe m'nkhokwe: kunja nkhokwe ili chiimire, iwe n'kumati ndili ndi chimanga.

Tsono anzanu a kuntchitowo nzeru zawo akuzitenga kuti? Ndikudziwa, chifukwa nanenso ndimaonera timavidiyo timeneto pa YouTube ndi TikTok. Wina wakhala m'galimoto ku Texas, akuti musathamangire kubweza ngongole ya nyumba, ndalamayo ikakugwirireni ntchito pa msika wa masheya. Akunena zoona, koma za kwawo. Ku America mu 2020 ndi 2021 anthu ankatenga ngongole ya nyumba ya zaka 30 pa chiwongola dzanja cha pafupifupi 3%, chosasintha mpaka kumapeto. Munthu wotero angathamangirenji? Inu muli pa 28%, ndipo ikhoza kusuntha nthawi ina iliyonse osakufunsani. Zimandinyansa kuona anthu ophunzira bwino akutola malangizo a ku Texas n'kudzawathira pa Area 25 osayang'ana n'komwe nambala imene ili pa pepala lawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. K20 miliyoni pa 28% ikubala K5.6 miliyoni pachaka, ndiye kuti pafupifupi K467,000 mwezi uliwonse ya chiwongola dzanja chokha. Mukathirako K3 miliyoni yanuyo, mwapulumutsa K840,000 pachaka. Imeneyo sidulidwa msonkho, sidikira kuti kampani ichite bwino, sidalira mvula. Yerekezani ndi ma Treasury Bill, njira yobwereketsa boma ndalama, amene anthu amati ndiye osaopsa: mu 2024 a masiku 364 ankapereka 26%. Pa K3 miliyoni ndi K780,000, muchotsepo msonkho wa 20%, mwatsala ndi K624,000. Mwabwereketsa boma motchipa pamene inu banki ikukubwereketsani modula.

Za masheya sindinama, anzanuwo ali ndi pogwira. Mu 2023 msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre unakwera kuposa 70%, mu 2024 kuposa 50%, ndipo amene anagula masheya a mabanki anaseka mpaka dzino la kumapeto. Inenso ndili ndi timasheya tochepa ta Airtel timene ndinagula atangolowa pa msika mu 2020, sinditidandaula. Koma taganizani, phindu limene mabanki akugawira eni masheyalo, mbali ina likuchokera kwa ndani? Kwa inu ndi ine, a 28%. Komanso msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20. Tsiku limene mwapanikizika n'kufuna kugulitsa, pafunika apezeke wogula, pa mtengo umene iye wafuna. Sheya silonjeza kanthu. Banki ndiye imalonjeza, ndipo tsiku lodula siiphonya.

Mlamu wanga wina, wowerengera ndalama, amakonda kunena kuti kukwera mitengo kwa zinthu kumadya ngongole, ndiye wanzeru sabweza msanga. Pamene mitengo inkakwera ndi 30% pachaka, akuti K20 miliyoni ya lero idzakhala ngati ya mandasi m'zaka zisanu. Kwa wamalonda amene amakweza mtengo wa katundu wake m'mawa uliwonse, mwina n'zoona. Kwa namwino, mphunzitsi kapena kalaliki amene malipiro ake amakwezedwa kamodzi pachaka, mwinanso osakwezedwa, ngongoleyo siidyedwa ndi kanthu. Amene akudyedwa ndi iyeyo. Ndipo mlamu wangayo amakhala nyumba ya kampani.

Pali chinanso chimene a ku Texas sachidziwa. Ndalama yooneka ili ndi abale. Anthu akudziwa kuti puloti yagulitsidwa, akudziwa kuti mwalandira. Posachedwa foni iyamba kulira: mwana wa achimwene wabwezedwa fizi, kumudzi kwagwa zovuta, feteleza wa amayi aang'ono, wina akufuna mpamba wa kaunjika adzabweza "mwezi ukatha". Sindikunyoza, nafenso tinaphunzira ndi ndalama za amalume. Koma ndalama imene ili ku akaunti kapena ku masheya mumatha kuitulutsa, ndipo mudzaitulutsa. Imene yalowa ku ngongole ya nyumba mumangoti pepani, inapita ku banki, ndipo simukunama. Mukatsegula nyuzipepala n'kuona timazenera tija ta nyumba zogulitsidwa ndi mabanki, Kanjedza, Area 47, Chilomoni, musaganize kuti eni ake onse anali zidakwa. Ambiri anali anthu abwino amene sankatha kukana.

Nanga banki mkhonde?

Simunafunse, koma ndikudziwa kuti wina akunong'onezani kale za 20% pamwezi. Gulu la anthu odziwana, losunga mabuku bwino, limathandiza, mayi a kunyumba ali m'gulu lotero ku tchalitchi. Koma kumeneko n'kwa ndalama imene ikasowa mudzalira sabata imodzi n'kuiwala. Ya malemu bambo anu ayi. Magulu angati amene December ikafika msungichuma foni yake sipezeka?

Ndiye chitani izi, achemwali. Ngati muli ndi katapila kapena ngongole ina yodula kuposa ya nyumbayi, yambani mwapha imeneyo. Patulani ndalama yokwana kudulidwa kwa miyezi itatu, muiike pamene mungaitenge msanga ntchito itavuta kapena matenda atagwa. Yotsalayo pitani nayo ku banki. Funsani kaye ngati pali chindapusa chobwezera msanga, ndipo nenetsani kuti ichotsedwe pa ngongole yeniyeniyo, asaisunge ngati malipiro a miyezi ya m'tsogolo. Akupatseni ndondomeko yatsopano yolembedwa papepala, ya sitampa. Akakufunsani ngati mukufuna achepetse zaka kapena ndalama ya pamwezi, ine ndingasankhe zaka ngati malipiro akukwanabe. Zonsezi zikanasintha ngongoleyo ikanakhala ya kuntchito, ija ya chiwongola dzanja chotsika imene mabungwe ena amapatsa antchito awo. Yanuyi si imeneyo. Masheya mudzagula pang'onopang'ono ndi za alawansi, ngakhale a K20,000 pamwezi, ndipo anzanu a kuntchitowo muwauze kuti imelo yanga ndi yomweyi.