VS Code mu browser pa laputopu yakale, zitheka?

Imelo ya lero yachokera kwa mnyamata wina amene akudziphunzitsa Python. Akuti ali ndi laputopu yakale ya Ubuntu, RAM yake 4 GB, mabatani ena pa kiyibodi anafa kale, koma ali ndi tabuleti yabwinobwino. Ndiye akufunsa ngati angaike editor yotsegukira mu browser kuti azilemba code pa tabuletiyo, ngati zimafuna intaneti, komanso ngati laputopuyo ingapepukeko.

Achimwene, kutheka zitheka, koma zoti laputopu ipepuka izo chotsani m'mutu. Browser ndi zenera chabe, ntchito yonse, mafayilo anu, terminal (polembera malamulo a kompyuta), Python yemweyo, zonse zimayendabe pa laputopu. Mukatsegula browser pa laputopu yomweyo ndiye mwaisenzetsa katundu pawiri. Phindu lili poti tabuleti ikhala kiyibodi ndi sikirini yanu basi.

Pulogalamu imene ndingakuuzeni ndi code-server, ya kampani yotchedwa Coder, ndi yaulere. Anatenga code ya VS Code, editor yolembera mapulogalamu ija Microsoft anaitulutsa mu 2015, nkuikonza kuti iziyenda ngati server. Eni akewo amati imafuna RAM yosachepera 1 GB ndi ma core awiri, ndiye yanuyo ikwana bola musatsegule matabu chikwi. Musasokoneze ndi vscode.dev, imeneyo imatsegukira pa intaneti ndipo terminal mulibe, ndiye Python yanu muyendetsera pati.

Tsegulani terminal mulembe izi:

curl -fsSL https://code-server.dev/install.sh | sh

Apa ndi pofuna bandulo, ndipo ikhale yokwanira chifukwa fayiloyo si yaing'ono. Ikamaliza lembani code-server nkudina Enter, kenako mu browser ya pa laputopu pitani pa 127.0.0.1:8080. Ikufunsani pasiwedi, musadabwe kuti simunaikepo, imadzipangira yokha nkuisunga mu ~/.config/code-server/config.yaml. Tsegulani fayilo imeneyo muikopere, kapena muisinthe muike yanu. Mukafuna izidzuka yokha laputopu ikayaka, makamaka poti magetsi athuwa sadziwika, lamulo lake ndi sudo systemctl enable --now code-server@$USER.

Tsopano nkhani ya tabuleti, apa ndi pamene ambiri amakanirira. Adiresi ya 127.0.0.1 imatanthauza makina omwewo, ndiye mukailemba pa tabuleti, tabuletiyo izidzifunafuna yokha osapeza kanthu. Mu config.yaml muja muli mzere wa bind-addr, sinthani ukhale 0.0.0.0:8080, muzimitse code-server nkuiyatsanso. Zida zonse ziwiri zikhale pa WiFi imodzi, ngakhale hotspot ya foni yopanda bandulo imagwira chifukwa zikungolankhulana zokhazokha, kunja sizikutuluka. Lembani hostname -I pa laputopu kuti muone adiresi yake, kawirikawiri imayamba ndi 192.168, ndipo imeneyo ndiyo mulembe pa tabuleti, kumapeto kwake :8080.

Koma mvetsetsani apa. Mukaika 0.0.0.0 ndiye kuti aliyense amene ali pa WiFi yomweyo akhoza kufika pa tsamba lolowera lija, ndipo amene walowa wapeza terminal, kutanthauza kuti laputopu yonse ili m'manja mwake, kufufuta, kukopera, chilichonse. Ndiye mzere wa auth uzikhalabe password, osaika none ayi, ndipo pa WiFi ya kusukulu kapena ya ku hostel ine sindingayerekeze nkomwe. Chinanso, popanda HTTPS, ija imabisa zodutsa pakati pa browser ndi server, browser imakaniza zinthu zina, kukopera nkupesita kumavuta, ndipo timawindo tina ngati toonera Markdown timangobwera toyera. Njira yabwino ngati tabuleti yanu ili ndi app ya SSH (njira yotetezeka yolumikizira makina ena) ngati Termux ndi kusiya bind-addr mmene inalili pa 127.0.0.1:8080, muike openssh-server pa laputopu, kenako pa tabuleti mulembe ssh -N -L 8080:127.0.0.1:8080 dzina@adiresi, dzina ndi lija mumalowera pa laputopu, adiresi ndi ija ya hostname -I. Mukatero mumatsegula 127.0.0.1:8080 pa tabuleti pomwepo, browser imaiona ngati yotetezeka ndipo mavuto aja amatha. Ndi yotopetsa tsiku loyamba lokha.

Ma extension, timapulogalamu toonjezera mu editor, musadabwe mukasaka ena osawapeza. Code-server satenga ku marketplace ya Microsoft chifukwa malamulo awo salola, imatenga ku Open VSX ya Eclipse Foundation. Ya Python iliko, koma Pylance, ija ya Microsoft yothandiza kumalizitsa ndi kufufuza code ya Python, kulibe. Kwa munthu amene wangoyamba kumene sizopweteketsa mutu. Ziikeni zonse tsiku limodzi muli ndi bandulo, pambuyo pake muzigwira ntchito opanda intaneti.

Ikakana kuyamba nkulemba zoti address already in use, ndiye kuti port 8080 yatengedwa kale ndi pulogalamu ina, kapena code-server yomweyo mwaiyatsa kawiri, ya systemctl ili kale mmwamba inu nkuitananso pa terminal. Sinthani nambala ya mu bind-addr ikhale 8081 kapena zimitsani inayo. Ndipo gulani kiyibodi ya Bluetooth aise, kulemba ma bracket ndi zala pa galasi mutopa sabata isanathe.