Golden ya Jungkook mu saluni

Achemwali, chiyikeni ndithu mu saluni yanuyo, chimbale cha Golden cha Jungkook wa BTS, gulu loyimba la ku South Korea, sichikukhumudwitsani. Nyimbo zake n'za Chingerezi, ndiye makasitomala amatsatira bwinobwino. Chidatuluka mu Novembala 2023 n'kufika pa nambala 2 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka ku America. Ena adadandaula kuti mnyamatayu sadalembe nawo nyimbozo, koma mawu ake ndi okoma zedi.

Ine ndimachiyika ndikamaluka tsitsi. "Standing Next to You" ikangoyamba, kasitomala wanga wina amagwedeza mutu mpaka mzere kupindika! Samalani ndi "Seven", ilipo mitundu iwiri. Wina uli ndi mawu olaula, musauyike pali ana.

Poti ndi malo a bizinesi, kafunseni a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, za layisensi yoyikira nyimbo.