Makompyuta athu kapena zathu? Mafunso ochokera m'makoleji

Funso: Ndimaphunzitsa pakoleji ina ya aphunzitsi. Ndinalembera ophunzira anga kuti "makompyuta zathu zakonzedwa", mnzanga n'kundiseka. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Bambo, mwaphatikiza njira ziwiri zochulukitsira dzina. Mawu obwereka ngati kompyuta, foni ndi pulojekita amalowa m'gulu la nyumba ndi mbuzi, choncho timati kompyuta yathu, zikachuluka kompyuta zathu. Koma mukangoika ma- kutsogolo, dzinalo lasamukira kugulu la madengu ndi makasu, ndipo mgwirizano wake ndi a-: makompyuta athu akonzedwa. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, sankhani imodzi basi.

Funso: Tilembe "pa intaneti" kapena "paintaneti"? Nanga "pa Moodle", pulogalamu ija yophunzirira pakompyuta?

Yankho: Pa, ku ndi mu timaphatikiza ndi dzina wamba: pasukulu, kukoleji, m'kalasi. Patsogolo pa dzina lamwinimwini timalekanitsa: ku Zomba, ku Mzuzu, pa Moodle, pa Zoom. Potsatira lamuloli, paintaneti ndiye kalembedwe koyenera, ngakhale olemba ambiri amalekanitsa poona kuti "pai-" akuoneka mwachilendo m'maso. Ine sindingadule malikisi pa zimenezi, bola wophunzira asasinthesinthe m'chimangirizo chimodzi.

Funso: Kuyambira pomwe sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi athu ena amangoponya manotsi pagulu la WhatsApp n'kumati atiphunzitsa. Kodi mawuwa akuwagwiritsa ntchito bwino?

Yankho: Funso lanuli lili ndi kaukali pang'ono, koma galamala ili kumbali yanu. Kuphunzira ndi kuphunzitsa zili ndi tsinde limodzi. Kachidutswa -its- (kapena -ets-) kamatanthauza kuchititsa, monga kudya ndi kudyetsa. Mayi akaika mbale ya phala patsogolo pa khanda n'kuchokapo, sitinena kuti walidyetsa. Chimodzimodzi mphunzitsi amene watumiza masamba makumi anayi usiku, osafunsako funso, osaona ngati ena bandulo inawathera asanatsegule, ameneyo watumiza manotsi. Nenani choncho: atitumizira manotsi.

Tsinde lomweli lili ndi mawu ena amene ndimalakalaka atamveka kwambiri m'makoleji mwathu: kuphunzitsana. Kachidutswa -an- kamasonyeza kuchitirana. Mphunzitsi akasiya kulankhula patatha mphindi khumi ndi zisanu, n'kupereka funso limodzi lovuta kuti anthu atatuatatu alimbane nalo, wina n'kupita kubolodi kukafotokoza yankho la gulu lake, kumeneko ndiye kuphunzitsana. Ambiri amati "kupanga madisikashoni", pomwe kukambirana ndi kuphunzitsana zilipo kale. Pa Zoom n'zothekanso, poti ophunzira amagawidwa m'tizipinda tating'ono.

Funso: Kukhoza mayeso ndi kupambana mayeso n'chimodzi?

Yankho: Pakamwa pa anthu zimasinthana, koma polemba ndi bwino kusiyanitsa. Wakhoza ndi amene wafika pamlingo wofunika. Kupambana kuli ndi ganizo la kuposa ena, n'chifukwa chake timati timu yapambana. Kalasi yonse ya kukoleji ya Bunda kapena kuyunivesite ya MUBAS itha kukhoza, koma wopambana onse amakhala mmodzi. "Wapasa" ndi "wafeluka" asiyeni akhale a kuhositelo. M'kalata yopita kwa makolo lembani kuti wakhoza kapena walephera.